Ampu ya limba lakale ili ndi mawaya anayi a sipika, sipika yatsopano ili ndi awiri: ndilumikize bwanji?

Wakumpondasi

Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonse ino. Ine ndimakhala ku Mpondasi, ku Mangochi, ndipo ndimakonza mafoni ndi mawailesi pa kabenchi kanga chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Za ma transistor ndi ma IC ndimazidziwa ndithu, koma zinthu za mavavu, mababu agalasi aja amayaka chofiirira mkati, sindinazigwirepo chibadwire.

Kutchalitchi kwathu kunali limba lamagetsi lomwe amishonale anabwera nalo kuchokera ku America ine ndisanabadwe. Malemu bambo anga ndi amene ankaliimba, ndipo ndili mwana ndinkakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, msana nditatsamira ku thabwa la limbalo, n'kumamva mawu akundinjenjemeretsa nthiti. Litasiya kulira analiika m'kachipinda kosungira katundu. Chaka cha 2024 nyanja itasefukira, achinyamata analikweza pa mabenchi, madzi sanalifike, koma chinyezi ndi chiswe zinamaliza matabwa onse. Mwezi watha akulu a mpingo anagwirizana zolitaya. Ndinawapempha kuti nditengeko ampu, chokuzira mawu cha limbalo, ndi sipika, ndipo anandilola.

Ampuyi ndi yolemera ngati ndowa yodzaza madzi. Ili ndi mathiransifoma awiri, vavu imodzi yaikulu yolembedwa 5U4, ziwiri za 6V6, ndi ziwiri zazing'ono za 12AX7 ndi 12AU7. Kachitsulo ka dzina kadyedwa ndi dzimbiri, chomwe chikuwerengeka ndi "117 volts 60 cycles" basi. Sipika yake ndi ya mainchesi 12, koma makoswe anadya pepala lonse, kwangotsala mkombero wachitsulo ndi chimphika chakuda kumbuyo. Chinandidabwitsa n'chakuti nditayandikiza sikuludiraiva kumbuyoko, sinakokedwe ngakhale pang'ono. Maginito palibe.

Ndiye vuto langa ndi ili. Kuchokera ku ampu kupita ku sipika kuli mawaya anayi, osati awiri. Awiri akupita ku timawaya toonda tomwe tinkalowa pa pepala, awiri ena akulowa m'chimphika chija. Ndinachotsa sipika yakaleyo, ndinalumikiza sipika ya masiku ano ku mawaya awiri oyambawo, ndinabwereka step-down, thiransifoma yotsitsa magetsi athu kuti afanane ndi a ku America, kwa mnzanga, n'kuyatsa kwa mphindi imodzi. Mavavu onse anayaka bwinobwino koma kunali zii, ngakhale kaphokoso kakang'ono. Mnzanga wina akuti ndingopotokola mawaya awiri otsalawo pamodzi, ilira. Mtima wanga wakana, chifukwa sindikudziwa chomwe chikudutsamo.

Cholinga changa ndi chakuti kiyibodi yomwe kwaya yathu inagula izilira kudzera mu ampu yomweyi. Amayi anga akadali moyo, ndipo ndikufuna amvenso mawu otuluka mu chinthu chomwe amuna awo ankachigwira Lamulungu lililonse. Amene munagwirapo zoterezi, ndithandizeni: mawaya awiri enawo ndi a chiyani, ndipo ndi sipika yotani yomwe ingayenere?

DJ wa ku Monkey Bay

Achimwene, pepani za bambo anu. Ine ndimabwereketsa zokuzira mawu pa maukwati ndi pa zinkhoswe kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Makawa, ndiye ndiyankhula monga munthu amene amanyamula zinthuzi pamsana. Ampu imeneyo mwina imatulutsa mawati 12 kapena 15 okha. Kabodi kakang'ono ka masiku ano kokwana m'dzanja kamatulutsa mawati oposa pamenepo pa batire ya galimoto, sikatentha, ndipo magetsi akathima mapemphero sayima. Kuno kwathu Okutobala akafika chipinda chimakhala ngati uvuni, ndiye muonjezerepo mavavu asanu akuyaka, komanso step-down yoti muzinyamula. Ndikanakhala ine, ndikanaipukuta bwinobwino ampuyo n'kuiika pa kabati ngati chikumbutso, kwaya n'kuigulira kabodi.

Koma ngati mtima wanu uli pomwepo, ndili ndi sabufa ya galimoto ya mainchesi 12, ya ma ohm 4, yolembedwa mawati 400. Yangokhala pansi pa bedi. Ndikhoza kuikweza minibasi Lachisanu mukailandire pa depoti, simulipira kanthu. Imeneyo singapse ndi ampu yanuyo.

Madala wa ku Limbe

Mwana wanga, usapotokole mawaya amenewo. Mtima wako wakuuza zoona, ndipo usaiyatsenso ampuyo mmene ilirimu. Ine ndinayamba ntchito yokonza mawailesi pamene mavavu anali akadali paliponse, tisanazolowere mawailesi a Nzeru a ma transistor, ndipo masipika otere ndawagwira ambiri.

Chimphika chakudacho ndiwo maginito ako, koma ndi maginito oyendera magetsi. Mkati mwake muli waya wakopa woonda ngati tsitsi, wozunguliridwa kambirimbiri pa chitsulo. Magetsi akamadutsa chitsulocho chimakoka, akasiya chimasiyanso, n'chifukwa chake sikuludiraiva yako sinamve kanthu. Amaitchula field coil. Kale maginito okhazikika amphamvu anali osowa komanso odula, ndiye opanga ankachita chonchi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha maginito a alnico anafala, kenako a ceramic omwe uli nawo pa masipika a lero, ndipo njira iyi inasiyidwa pang'onopang'ono, ngakhale malimba ena anaipitiriza mpaka m'zaka za m'ma 1950.

Tsono anthu aja sankataya kanthu. Anaona kuti koyilo yaikulu chonchi ikhoza kugwira ntchito ziwiri. Vavu ya 5U4 imasandutsa AC kukhala DC, koma DC yake imatuluka ya mabampu ngati msewu wafumbi mvula itatha. Mabampu amenewo akafika ku mavavu ena, umamva kung'ung'uza kosalekeza m'sipika. Ndiye amadutsitsa magetsi onse a ampu m'koyilo ya sipika: koyilo imasalaza mabampu, magetsi nawo amapatsa sipika maginito. Iwe pochotsa sipika yakale wadula mlatho pakati. Mavavu akuyaka chifukwa moto wowatenthetsa umachokera kwina, koma magetsi aakulu oti agwire ntchito sakuwoloka. N'chifukwa chake kuli zii.

Ukalumikiza mawayawo mwachindunji, idzalira ndithu, koma kwa kanthawi. Koyilo ija imadya mavoteji ena, mwina 60V kapena kuposa, ndipo onsewo adzathamangira ku ma 6V6 ndi ku makapasita okalambawo. Mabuku akale a 6V6 amaika malire pa 315V. Komanso makapasita awiri omwe analekanitsidwa ndi koyilo adzakhala ngati imodzi yaikulu pakamwa pa 5U4, yomwe sifuna zoposa pafupifupi 40µF pamalo amenewo. Ndinaonapo vavu yotere ikuthetheka mkati ngati mphenzi.

Chita izi. Tenga mita yako, yeza mawaya awiri a chimphika. Ukapeza ma ohm mazana angapo, kapena chikwi ndi kanthu, koyilo ndi yamoyo. Yezanso pakati pa waya ndi chitsulo cha sipika, pamenepo mita isaonetse kanthu. Ikakhala yamoyo, njira yachidule ndi yoibwezera pamalo pake igwire ntchito yosalaza yokha, ngakhale pepala palibe, ndipo sipika yatsopano uilumikize ku mawaya awiri ena aja. Ampu sidzadziwa kuti pasintha kanthu. Ikakhala yakufa, uika rezisita ya ma ohm ofanana m'malo mwake.

Usanatero, tsata mawayawo ndi diso uone kumene akuchokera. Mu ma ampu ambiri koyilo ili pakati pa kapasita yoyamba ndi yachiwiri ku mbali ya plus. Koma ena anaiika ku mbali ya minus, pakati pa waya wapakati wa thiransifoma ndi chasisi, chitsulo chomwe zonse zamangidwapo, ndipo pamenepo amatengapo bias ya mavavu, kavoteji kolamulira magetsi odutsa mwa iwo. Ikakhala yotero, nambala ya rezisita siyenera kuphonyeka. Utiuze chomwe wapeza.

Undiuzenso: m'limbamo munali mota? Malimba a Hammond, omwe anayamba kupangidwa mu 1935, ali ndi mota yozunguza timawilo tachitsulo, ndipo liwiro lake limatsatira magetsi. Lopangidwira magetsi a ma cycle 60 likabwera kuno kwa magetsi a ma cycle 50 limaimba motsika ndi makiyi atatu ndi kanthu. Koma a makampani ngati Conn, Baldwin ndi Lowrey anali ndi mizere ya mavavu ang'onoang'ono opanga mawu. Ngati lanu linali lotero, mavavu onsewo ankadya kuchokera mu ampu yomweyi, ndipo popeza tsopano palibe, mavoteji akhala okwererapo kuposa kale. Uyenera kuyeza, osangoganiza.

Za sabufa ya mnyamata wa ku Monkey Bay, mtima wake ndi wabwino, koma siyoyenera pano. Mawati 400 olembedwawo akunena zomwe ingapirire, sakunena kuti imafuula bwanji. Pepala lake ndi lolemera, limafuna ampu yamphamvu kuti ligwedezeke, ndipo imatulutsa mabesi okha. Iwe funa sipika ya mainchesi 12 ya pepala lopepuka, ya m'mabokosi oyankhulira kapena ya gitala, yolembedwa 95dB kapena kuposa. Yotero pa mawati 12 idzadzaza tchalitchi chanu.

Mayi Mphunzitsi, Zomba

Bambo a ku Mpondasi, Madala afotokoza bwino kwambiri. Ine ndimaphunzitsa zamagetsi, ndiye ndilankhula zomwe ndimauza ophunzira anga asanatsegule chinthu chotere, chifukwa inu mwazolowera mafoni a 4V, pomwe umu muli pafupifupi 400V.

Makapasita amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi, makamaka panopa pamene njira yake ndi yoduka ndipo alibe kotayira. N'kutheka kuti kapasita yoyamba ikadali ndi moto kuchokera tsiku lomwe munayatsa lija. Tengani rezisita ya 22k ya mawati 5, mbali imodzi muipanitse ku chasisi, inayo muigunditse pa plus ya kapasita kwa masekondi 30 mutagwira ndi pulayala ya zogwirira za pulasitiki, kenako muyeze ndi mita mpaka itsike pansi pa 10V. Musafupikitse ndi sikuludiraiva. Poyeza ampu ili yoyaka, waya wakuda wa mita upanitsidwe ku chasisi, dzanja limodzi likhale m'thumba, ndipo muvale nsapato za labala. Ku Mangochi thukuta silichoka m'manja, ndipo khungu lonyowa pa simenti yopanda mphasa limadutsitsa magetsi mosavuta.

Makapasita aakuluwo asinthidwe, musawayese n'komwe. Pa yoyamba samalani: 5U4 imatentha m'masekondi ochepa, pomwe ma 6V6 amachedwa, ndiye poyatsa paliponse voteji imakwera kaye isanatsike. Mukasowa ya 500V, tengani ziwiri za 68µF 400V, zomwe zimapezeka m'ma TV ndi m'makompyuta akufa, muzilumikize motsatizana. Zikupatsani 34µF, ndipo iliyonse muiikire rezisita ya 220k m'mbali mwake kuti zigawane katundu mofanana. Marezisita omwewo azitaya magetsi mukathimitsa. Musinthenso timakapasita tiwiri tomwe tikulowa ku ma grid, polowera mawu mu ma 6V6. Tikakalamba timadontha DC, vavu n'kufiira chitsulo chake chamkati mpaka kuwotcha thiransifoma. Chingwe cha magetsi chikhale cha mawaya atatu, wa earth amangidwe ku chasisi ndi bawuti yakeyake, fyuzi ikhalepo, ndipo mukapeza kapasita yochokera ku waya wa magetsi kupita ku chasisi, muichotse.

Step-down ikhale yolemera, ya thiransifoma yeniyeni, ya mawati 300 kapena kuposa. Tija topepuka topangira ayironi ndi zoumitsira tsitsi timangodula magetsi m'zidutswa, tingakuphereni ampu. Ndipo poti thiransifoma yanu anaipangira 60 koma ife tili pa 50, izitentha kuposa kwawo. Step-down yotulutsa 110V ndi yabwino kuposa ya 120V. Poyatsa koyamba ikani babu lakale la waya la mawati 100 motsatizana ndi chingwe. Likawala pang'ono n'kuzilala, zili bwino. Likawala kwambiri osatsika, thimitsani, penapake pagundana. Mababu amenewa akusowa masiku ano, koma funsani oweta nkhuku, amafunditsira anapiye.

Pa ma ohm a sipika musaganize, yezani. Mavavu mutawazula ndipo ampu ili yozula ku magetsi, tengani kathiransifoma ka wailesi kotulutsa pafupifupi 12V AC, mulowetse ku mawaya awiri a thiransifoma ya sipika omwe amapita ku ma plate, potulukira mawu mu ma 6V6, muyeze zomwe zikutuluka ku mbali ya sipika. Gawani nambala yaikulu ndi yaing'ono, yankho mulichulukitse ndi lokha, kenako ndi ma ohm a sipika. Ma 6V6 awiri okankhana amafuna kuona ma ohm 8000 mpaka 10000. Ndipo ampu ya mavavu isayatsidwe popanda sipika, chifukwa thiransifoma imeneyi imabooka mkati, ndipo kuno simuipeza pashelefu.

Mukafika poika rezisita m'malo mwa koyilo, mawati ake ndi voteji yomwe ikutsika pamenepo kuchulukitsa ndi ma amp odutsa, ndipo mugule yoposa katatu. Iziikidwa pamwamba pa chasisi pomwe mphepo ikudutsa, kutali ndi makapasita.

Wakumpondasi

Madala, Mayi Mphunzitsi, achimwene a ku Monkey Bay, zikomo kwambiri. Ndakhala chete masiku asanu ndi anayi chifukwa ndimatsata zomwe mwanena chimodzichimodzi, usiku ndikaweruka.

Choyamba, Mayi, munanena zoona. Nditayeza kapasita yoyamba ndisanakhudze chilichonse, inali ikadali ndi 140V, patapita masiku anayi chizulireni. Ndinakhala kaye pansi, chifukwa dzulo lake ndinali kupukuta fumbi pafupi pomwepo ndi kansalu konyowa.

Madala, m'limbamo munalibe mota. Munali mizere ya mavavu ang'onoang'ono ambirimbiri, ndipo pa ampu pali soketi ina ya mabowo asanu ndi atatu yomwe chingwe chawo chinkalowa. Koyilo ndaiyeza, yaonetsa ma ohm 690, ndipo pakati pa waya ndi chitsulo mita sinagwedezeke. Mawaya ake ndawatsata: wina akuchokera pa pini 8 ya 5U4 pomwe pali kapasita yoyamba, wina akubwerera pa kapasita yachiwiri, pomwe pakuchokeranso waya wofiira wa thiransifoma ya sipika. Ndiye ili ku mbali ya plus. Ma cathode a 6V6 onse awiri akutsikira ku chasisi kudzera pa rezisita imodzi ya ma ohm 250.

Mkati munali nyumba ziwiri za mavu zadothi, imodzi itamatirira pa soketi ya 12AU7, ndi mazira a mphemvu pansi pa mawaya. Timakapasita takale tinali ngati makandulo, phula lake litasungunuka n'kugwira fumbi. Ndasintha tonse. Makapasita aakulu ndachotsa m'ma TV awiri akufa omwe eni ake anawasiya pa benchi panga kalekale. Babu la mawati 100 ndalipeza kwa mayi wina woweta nkhuku ku Ntagaluka.

Thiransifoma ya sipika ndinalowetsa 13.1V, kunatuluka 0.41V. Kugawa kukupereka 32, ndipo 32 kuchulukitsa ndi 32 ndi 1024. Pa sipika ya ma ohm 8 zikubwera 8192, pa ya ma ohm 4 zikubwera 4096. Ndiye achimwene a ku Monkey Bay, sabufa ija isungeni, koma ndathokoza kuchokera pansi pa mtima. Ndagula sipika ya mainchesi 12 ya ma ohm 8 yochokera m'bokosi loyankhulira lomwe ampu yake inapsa. Pa mita ikuonetsa 6.2, ndipo ndamva kuti zimatero.

Lachitatu usiku ndinabwezera koyilo yakale, ndinalumikiza sipika yatsopano, n'kuyatsa kudzera pa babu. Linawala kamodzi n'kuzilala mpaka kutsala kofiira pang'ono. Patapita masekondi ngati 15 ndinamva kampweya kakang'ono m'sipika, ndipo nditayandikiza sikuludiraiva kumbuyo kwa chimphika chija inakokedwa n'kumata, kha! Nditachotsa babu ndinayeza: 378V koyilo isanafike, 318V itadutsa, 18.5V pa cathode, 6.4V pa moto wa mavavu. Ndaika volume ya 100k polowera, poti kale ntchito imeneyo inkagwiridwa ndi chopondera cha phazi. Kiyibodi inalira, ndipo mawu ake ndi onenepa, ofunda, osabaya m'makutu.

Koma pali vuto. Ikalira mphindi 20 kapena 25, mawu amathetheka kawiri katatu n'kuzimiratu, mavavu akuyakabe. Ndikathimitsa n'kudikira ola limodzi imayambanso. Zachitika katatu. Nthawi yomaliza ndinathimitsa, ndinataya magetsi a makapasita, n'kuyeza koyilo ikadali yotentha: mita sinaonetse kanthu. Itazizira yabwerera pa 690.

Madala wa ku Limbe

Wagwira ntchito yaukhondo, mwana wanga, ndipo matenda wawapeza wekha. Waya wa m'koyilo wadyeka penapake ndi chinyezi cha kunyanjako. Ukazizira nsonga zake zimagundana, ukatentha zimatalikirana. Mwina n'chomwe chinaletsa limbalo kulira poyamba paja. Usaiyatsenso ndi koyilo imeneyo, chifukwa nthawi iliyonse ikaduka pamathetheka moto mkati, ndipo voteji ya pa kapasita yoyamba imalumpha.

Usanaitaye, masula pepala lokutira pomwe mawaya aakulu akulowa. Nthawi zambiri pamaola ndi pa mfundo yomwe waya woonda wakumana ndi wonenepa, pamakhala pobiriwira. Ukapapeza pamenepo, pala n'kuwotcherera, yachira. Pakakhala mkati mwenimweni, ozunguliza mamota kuno ku Limbe akhoza kuizunguliza, koma pa sipika yopanda pepala ndalama imeneyo ndi yongotaya.

Nambala zako zikukwanira kusankha rezisita. 18.5V pa ma ohm 250 ndi 74mA, kuonjeza mavavu ang'onoang'ono tinene 80mA. Pa koyilo pakutsika 60V, ndiye 60 kugawa ndi 0.08 ndi ma ohm 750. Usadabwe kuti yaposa 690, kopa akatentha ma ohm ake amakwera. Kutentha kwake ndi mawati 4.8. Gula marezisita awiri oyera a simenti a 1.5k, a mawati 10 iliyonse, uwaike mogundizana mbali ndi mbali, akupatsa 750 pa mawati 20. Asiyane pang'ono kuti mphepo izidutsa pakati.

Dziwa kuti rezisita sisalaza ngati koyilo. Kuno kung'ung'uza kwake kumakhala pa 100Hz, ndipo koyilo imakutsekereza ndi mphamvu yoposa ma ohm ake kangapo, pomwe rezisita imangokhala 750 basi. Ndiye kapasita yachiwiri uikweze ifike 100µF ya 450V. Yachiwiri yokha, yoyamba uisiye pa 34 pomwepo. Ma 6V6 ako akakhala ofanana mphamvu, kung'ung'uza kotsalako amakuphana okha mu thiransifoma.

Wakumpondasi

Madala, ndinamasula pepala lija. Mfundo zonse ziwiri zinali zoyera, ndiye chilonda chili mkati. Chimphikacho ndachipukuta ndi mafuta, ndachikulunga m'nsalu, chili m'sutikesi ya bambo pamodzi ndi buku lawo la nyimbo.

Marezisita kuno sindinawapeze, ndinatuma kondakitala wa minibasi ya ku Limbe, anabwera nawo Lolemba. Ndawamanga pa kachitsulo pamwamba pa chasisi, mbali yomwe kulibe makapasita, ndipo ndawaphimba ndi kasefa kawaya kuti chala cha mwana chisafike. Tsopano ndikupeza 377V ndi 316V. Kung'ung'uza kulipo pang'ono ukaika khutu pa sipika penipeni, koma ukaima masitepe awiri sukumva. Ndaisiya ikulira maola atatu masana dzuwa lili pamutu, sinadukepo. Thiransifoma yaikulu imatentha moti dzanja limapirira masekondi asanu okha, ndiye ndaika kafani ka kompyuta kumbuyo kwake, koyendera chaja yakeyake.

Dzulo madzulo ndinainyamula pa kabaza kupita nayo kwa amayi, ampu pamiyendo, sipika m'katoni, mdzukulu wawo akutsatira ndi kiyibodi ndi step-down. Tinaika pakhonde. Mtsikanayo anasankha mawu a limba n'kuyamba nyimbo yomwe bambo ankatsekera nayo mapemphero. Amayi anali akusankha usipa m'lichero. Anasiya, anapukuta manja pa chitenje, anabwera kudzakhala pa mkeka pafupi ndi sipika, n'kuika dzanja pa katoni. Anaimba ndime zonse zinayi, kenako anati tibwereze.

Chatsala ndi bokosi, chifukwa m'katoni mabesi akuthawa. Limba lija kumbuyo kwake kunali kotsegula, ndiye ndikuganiza zopanga lotsegula kumbuyo, ampu ikhale pansi, sipika pamwamba, ndi sefa wa pawindo wotchinga mavu ndi makoswe. Kalipentala wa pafupi ndi msika ali ndi plywood ya 18mm ndipo akundidikira Loweruka. Madala, kutsogolo kukhale kotambalala masentimita angati kwa sipika ya mainchesi 12, ndipo ma 6V6 atalikirane bwanji ndi maginito a sipika yatsopanoyi?